Ine Ndinali Nambala Naini

Ndinali ndi chitsulo chowotcherera m'manja pamene foni inalira. Nditaona kuti ndi apongozi, ndinaipanikiza kukhutu ndi phewa.

"Mwana wanga, mwandibisiranji?" Mawu awo ankachita kunjenjemera ndi chimwemwe. "Miyezi iwiri yathunthu! Azakhali ndawauza kale, kumpingonso akukupemphererani."

Dontho la mtovu wotentha linandigwera pachala, koma sindinamve kuwawa. Za pathupi pamenepo ndinali ndisanauze munthu, ngakhale mwamuna wanga. Ndinali nditapita padera kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anthu odzandipepesa ankandiyang'ana ngati ndachitira dala. Ndinalumbira kuti kachitatu ndidzakhala chete mpaka mimba idzadzinenera yokha.

"Wakuuzani ndani, amayi?"

"Alamu anu. Akuti makina a kuntchito kwanu aonetsa."

Mlamu wangayo, mng'ono wa mwamuna wanga, tinkagwira naye ntchito m'labu imodzi ya kafukufuku. Tinkapanga kachipangizo kangati bokosi la machesi, kovala pachifuwa ndi lamba. Kankayeza kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi n'kutumiza pa intaneti, kuti anamwino aziona msanga ngati mayi woyembekezera wayamba kudwala ali kutali ndi chipatala. Ntchito yabwino, sindikana. Ine ndinkalumikiza timawaya, mlamu ankawerenga zotuluka pa kompyuta.

Tisanapereke kwa anthu, tonse asanu ndi anayi a m'labumo tinagwirizana kuyamba tavala tokha miyezi itatu. Mayina ayi, aliyense nambala yachinsinsi, yotola m'katoni osayang'ana. A Pulofesa, mkulu wa kafukufukuyo, anatola seveni. Anakayang'ana kapepalako ngati kawatukwana, n'kukabwezera m'katoni.

"Tisataye nthawi ndi masewera," anatero. "Tingotsata dongosolo la ofesi."

Basi iwo anakhala wani, wachiwiri wawo thu, mpaka ine wowotcherera, naini. Tsiku limenelo tonse tinaseka, inenso ndinaseka nawo, chitsiru ine.

Mlamu ndinamupeza pa desiki pake akudya nthochi.

"Alamu!" anafuula, mano onse panja. "Paja mwatibisira mlendo eti? Mtima wanu wakwera, thupi latentha masabata asanu ndi awiri osatsika. Ine ndangoona kamodzi n'kudziwa."

"Wakupatsa ndani chilolezo?"

Aka kanali koyamba kumunena kuti iwe. Nthochi inaima panjira.

"Aa, alamu, si nkhani yabwino kodi? Mayi akhala akulira zaka zinayi."

"Akulira iwo? Magazi ankatuluka mwa iwo? Pa fomu tinasaina kuti palibe adzadziwe mwini nambala."

"Ndiye ndichite kudzitseka m'maso? Naini ndi inu, ngakhale mlonda akudziwa."

"Pakamwa pako m'pobooka ngati sefa. Ukaona kuti mzere wanga wa pa kompyutapo watsika mawa, udzawaimbiranso mayi ako kuti maliro achitika?"

Anayang'ana kumbali. Ndinkafuna kumuthira mbama, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti sindinatero. Koma maso anga anagwera pa kapepala kachikasu komata m'mphepete mwa kompyuta yake. Panalembedwa mawu achinsinsi olowera, amodzi omwewo a labu yonse, amene sanasinthidwepo chiyambire. Aliyense wowadziwa akanatha kutsegula pa foni yake ali kunyumba. Lolemba lotsatira tinkayenera kukaveka amayi mazana awiri kusikelo, ndipo nambala zawo zinali zoti zitsate mndandanda wa m'kaundula wa pachipatala, buku limene limakhala pa tebulo poyera.

Ndinaganiza za mtsikana amene sanauze makolo ake. Ndinaganiza za mayi amene mwamuna wake amafufuza m'foni mwake. Ndinapita kukagogoda kwa a Pulofesa.

Sanandiuze n'komwe kuti ndikhale. Anamvetsera akusaina mapepala.

"Nkhani za m'banja mwanu muzikathetsa kwanu," anatero.

"Si za m'banja, bwana. Nambala zathu sizibisa munthu, ndipo khomo lolowera lili pululu. Tisapite Lolemba. Tikonze kaye."

"Mukudziwa zaka zimene ndathera pa ntchito imeneyi? Zisanu ndi chimodzi. Lachisanu kukubwera a komiti yopereka chilolezo. Ndiwauze kuti taima chifukwa wowotcherera wakangana ndi mlamu wake?" Anavula magalasi n'kundiyang'ana pamimba, osati kumaso. "Amayi mukakhala chonchi mitima imakhala m'mwamba, ndikumvetsa. Kapumuleni. Inu zanu ndi mawaya. Zoganiza tisiyireni."

"Ndikanena ndekha kwa a komiti."

"Mukatsegula pakamwa Lachisanu, chitsulo chanucho mudzachisiye pa tebulo."

Ndinatuluka. Kunyumba mwamuna wanga anandilandira ndi nkhope yakugwa, wamva kwa mayi ake nkhani imene ankayenera kumva kwa ine. Masiku atatu tinkalankhulana za mchere ndi sopo basi.

Lachisanu a komiti anabwera atatu: mayi wina wachikulire wa imvi, dokotala, ndi bambo wolemba. Tinakhala m'chipinda cha misonkhano. Ine, monga mwa nthawi zonse, anandiika kumbuyo pafupi ndi pulojekita kuti ndizisintha zithunzi pakhoma. Mlamu anakhala kutsogolo, osacheuka. A Pulofesa anavala suti yabuluu, ndipo pansi pa malaya awo oyera kachipangizo kankaoneka katatukuka pang'ono. Ankanyadira kuti sakavula, ati mkulu azitsogolera.

Analankhula bwino, bambo aja pakamwa anali napo. Kenaka mayi wa imvi anakweza cholembera.

"Funso langa ndi limodzi. Munthu wakunja atalowa, angadziwe kuti mtima uwu ndi wa uje?"

"Zosatheka," anayankha a Pulofesa, msana uli kukhoma. "Choyamba, wakunja sangalowe. Chachiwiri, angapeze manambala okhaokha."

Anati ndisatsegule pakamwa, ndipo sindinatsegule. Ndinazula waya pa kompyuta ya ofesi n'kuulumikiza ku foni yanga, foni wamba yosweka pakona. Ndinalemba mawu a pa kapepala kachikasu aja. Ndinasankha nambala wani.

Pakhoma panatuluka mzere wobiriwira ukudumphadumpha, pambali pake nambala yaikulu: 88.

"Icho n'chiyani?" anafunsa dokotala.

A Pulofesa anacheuka. Nthawi yomweyo 88 inasanduka 104.

"Ndi chitsanzo chabe," anatero, mawu ali phee ngati palibe chachitika. "Mmodzi mwa oyesera. Sitingadziwe kuti ndani."

116.

Mayi wa imvi anayang'ana khoma, anayang'ana a Pulofesa, n'kubwereranso kukhoma. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mwalowa ndi chiyani, mayi?"

Ndinakweza foni m'mwamba.

"Zimitsani zimenezo," anatero a Pulofesa, akumwetulirabe kwa alendo. 129. "Ndati zimitsani!"

137. Bambo wolemba uja anasiya kulemba. Mlamu anaweramitsa mutu mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo. Ine mtima wanga unkagundanso ngati ufuna kutuluka, koma umenewo panalibe woona. Kachipangizo kanga ndinali nditakavula tsiku lomwe apongozi anaimba.

Lolemba a m'labu kusikelo sanapite. Anatha miyezi isanu akukonza, ndipo ndinamva kuti nambala za amayi aja pomaliza zinatoledwa m'katoni. Ine sindinalipo. Kalata yondichotsa ntchito inatuluka Lachisanu lomwelo, yonena za kusamvera, ndipo palibe mmodzi mwa anzanga asanu ndi awiri amene anandiperekeza ngakhale pakhomo. Mwana wanga wamkazi anabadwa ndili pa ulova. Mlamu amamunyamula akabwera kudzacheza, koma ine ndi iye timapatsana moni wa anthu okumana m'basi.

Ndikamakumbukira tsiku lija, kalata sindiiona. Ndimaona a Pulofesa ataima pamaso pa alendo, akulimbana ndi mabatani a malaya, tayi itapita paphewa. Anapisa dzanja mkati, anakoka lamba mpaka kuduka, n'kuponya kachipangizo pa tebulo. Kanatsetsereka n'kukaima patsogolo pa mayi wa imvi. Pakhoma mzere wobiriwira uja unagona, wowongoka, kuchokera uku mpaka uko. Mayiyo anakatola ndi zala ziwiri, kakadali konyowa ndi thukuta, n'kukatembenuza. Kumbuyo kwake kunali kapepala kamene ndinamata ndekha, kolembedwa ndi dzanja langa: 1.