Thokozire Wabwerako ku Chisisitere

Kudatsala milungu itatu kuti Thokozire achite malumbiro ake oyamba a chisisitere. Mayi ake, a Elube, ndi telala kwa Chinsapo, ndipo adali atasoka kale madiresi khumi ndi awiri a amayi a mu mphakati, kagulu ka mabanja a Chikatolika oyandikana nyumba komwe iwo amapemphera Lachinayi lililonse. Nsalu yake idali yobiriwira, yosindikizidwa maina a atsikana anayi odzalumbira tsikulo. La Thokozire lidali lachiwiri.

Lachiwiri lina masana, a Elube ali pa makina pakhonde, kabaza wa njinga yamoto adaima pa mpanda. Adatsika Thokozire ndi chikwama chimodzi. Kumutu kudalibe kanthu. Mayi ake adali asadalione tsitsi lakelo kwa zaka ziwiri.

"Mwaswera bwanji, amama?"

"Ndaswera. Velo lili kuti?"

"Ndalisiya. Ndabwera kunyumba."

"Wabwera kudzatenga chiyani?"

"Ndabwera basi, amama. Sindilumbira."

A Elube adachotsa phazi pa makina. Maso awo adayamba apita pamimba pa mwanayo, kenaka adachita manyazi n'kuyang'ana kumbali. Atalowa m'nyumba adamufunsa zonse zimene mayi angafunse: ngati wadwala, ngati amuthamangitsa, ngati wayambana ndi akuluakulu, ngati pali mwamuna. Thokozire adakana zonsezo mofatsa.

"Ndikufotokozerani, amama. Kungoti mawu ake sindinawapeze."

Thokozire adali namwino asadalowe chisisitere. Bambo ake adamwalira iye ali Fomu 2, ndipo a Elube adamuphunzitsa okha mpaka adamaliza. Atagwira ntchito chaka chimodzi n'kunena kuti akufuna kulowa chipani cha masisitere oyendetsa zipatala za kumidzi, a Elube adalira mwezi wathunthu, kenaka adavomera. Zidali zomveka ndithu: namwino yemweyo, wangovala velo. Pang'ono ndi pang'ono adayamba kunyadira. Ku tchalitchi ankawatchula kuti mayi a sisitere, iwo n'kumati anthu akufulumira, koma mumtima zikuwakomera.

Tsopano mwanayo adali m'nyumba, ndipo sankaoneka ngati munthu amene zamuvuta. Ankadzuka m'bandakucha kupita ku Misa, n'kubwera kudzasesa, kenaka n'kukhala pansi kumapinda m'mphepete mwa mayunifomu a ana asukulu. Ankadya bwino. Nthawi zina ankaimba chapansipansi. Zimenezi n'zimene zidawasokoneza kwambiri a Elube. Akadalira, akadadziwa pomugwira.

Loweruka kudabwera a Gilford, mlongo wawo wa a Elube, kuchokera ku Area 25 komwe amakonza mafiriji. Adamukhazika Thokozire pa mpando n'kumufunsa kwa ola lathunthu. Potuluka adawakokera a Elube kuseri kwa nyumba.

"Achemwali, mtsikana wa zaka twente seveni sasiya chinthu atatsala pang'ono kumaliza popanda mwamuna kumbuyo. Mwaiona foni yake?"

"Alibe foni."

"Ndiye ndi wapafupi. Muziyang'anitsitsa amene akudutsadutsa pamsewupa."

A Elube adayang'anitsitsa masiku awiri. Adaona wogulitsa makala, wowerenga mita ya madzi ndi ana opita ku madrasa. Lolemba adavala diresi labwino, adakwera minibasi mpaka ku depoti, n'kukwera ina yotuluka m'tauni kupita ku nyumba imene atsikana amaphunzirirako chisisitere.

Mphunzitsi wa atsikanawo, Sisitere Tina, adamupeza kudimba atavala magambutsi. Adali wamfupi, wa magalasi, wa msinkhu wa a Elube omwe. Adasamba m'manja pa mpopi n'kuwalowetsa m'chipinda cha alendo.

"Sisitere, musandibise. Mwana wanga walakwa chiyani?"

"Sanalakwe kanthu, amayi. Ife timafuna akhale. Wapempha yekha kuti achoke."

"Ndiye wataya chikhulupiriro."

"Ayi. Sanakuuzeni? Akufuna kulowa kwa masisitere osatuluka."

A Elube adali atamvapo za anthu amenewo, kuti amakhala mkati mwa mpanda ndipo ndiwo amaphika mkate wa pa Misa, koma adali asadaonepo ndi mmodzi yemwe.

"Masisitere si amodzi, amayi," adatero Sisitere Tina. "Ife tili m'zipatala. Ena amaphunzitsa, ena amayendera akaidi, ena amalera ana amasiye. Ndiye pali awo, omwe ntchito yawo ndi pemphero. Amalowa kamodzi, sabwera ku holide."

"Nanga inu simupemphera?"

"Timapemphera."

"Ndiye akukafuna chiyani kumeneko chimene kuno kulibe?"

Sisitere Tina adavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya velo. "Funso limenelo ndinamufunsa inenso, ndipo sindinamufunse mwaulemu. Kumene tinamutumiza chaka chatha, wodi ya amayi oyembekezera ili ndi anamwino awiri. Iye ali ndi manja abwino, sanjenjemera. Ndinamuuza kuti akuthawa ntchito. Ndinamuuza adikire chaka, anadikira. Ntchito amagwira kuposa anzake, koma akangoweruka mumakamupeza m'tchalitchi. Ndaphunzitsa atsikana zaka khumi ndi zisanu, ndimamudziwa wothawa. Uyu sakuthawa. Kupitirira pamenepo, amayi, sindikumvetsa inenso."

"Tandiuzeni chimodzi. Akuchoka ku chisisitere kapena akulowa?"

"Zonse ziwiri. Kwa ife wachoka. Kwinako amuuza kuti ayambe wakhala kunyumba miyezi isanu ndi umodzi. Akadzafunabe, adzayambira pansi ngati sanaphunzirepo."

A Elube adabwera kudzamva za mlandu, kuti akapepese kapena akakalipe. Adabwerera alibe womupepesa, alibenso womukalipira.

Atafika kunyumba adamupeza Thokozire akusankha nyemba pakhomo la khitchini. Sadavule ndi nsapato zomwe.

"Ndachokera kwa Sisitere Tina. Bwanji sunandiuze?"

"Ndimaopa nkhope imene mwachitayi."

"Iwe ndi namwino. Anthu akufa m'zipatala, iwe ukufuna ukadzitsekere uziphika mkate?"

"Ndikudziwa mmene zikumvekera. Nanenso ndinadzifunsa ngati ndatopa, kapena ngati ndikuopa magazi. Si zimenezo. Ntchito ndimaikonda. Koma ndikakhala chete pamaso pa Ambuye ndimamva kuti ndafika, ndipo ndikadzuka ndimakhala ngati ndasiya mlendo yekha m'nyumba. Ndikanalumbira, ndikanalumbira ndi theka la mtima."

"Ndikadzadwala ine udzabwera?"

Thokozire adasiya nyemba. "Sindikudziwa ngati adzandilola, amama."

"Nanga maliro anga?"

"Sindikudziwa."

A Elube adalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Adatenga kolona kuti apemphere, koma sadadziwe chopempha. Zaka zonsezi, Lachinayi lililonse, iwo ndiwo ankatsogolera pemphero lopempha Mulungu kuti aitane atsikana ambiri ku utumiki wake. Kupempha tsopano kuti amusiye mwana wawo kudawachititsa mantha. Kupempha kuti amutenge adalephera.

Ku mphakati adayesa kufotokoza. Amayi ena adati ndiye kuti wakwezedwa, ameneyo ndi sisitere woposa masisitere. Ena adati ndi matenda a maganizo, apite naye kwa bambo mfumu. Mayi wina adangofunsa ngati madiresi avalabe. Adavala ndithu, pakuti atsikana atatu aja adalumbira pa tsiku lake. A Elube adati mutu ukuwawawa, sadapite. Thokozire adapita, adakhala benchi ya kumbuyo, ndipo pobwera adawafotokozera mayi ake mwambo wonse mosangalala ngati udali ukwati wa mnzake.

Miyezi idayamba kutha. A Elube adali ndi chiyembekezo chakuti moyo wa kwa Chinsapo umubweza mwanayo. Tsidya la mpanda kumakhala a Hafsah, ogulitsa zitumbuwa, ndipo amuna awo a Shafiq adali ndi bala la shuga kuphazi lomwe lidakana kupola. Thokozire adayamba kupita m'mawa uliwonse kukalitsuka ndi kulimanga. Adawakakamiza kupita kuchipatala, adawaperekeza, adawalembera zoyenera kudya. Patatha miyezi iwiri a Shafiq adavala nsapato n'kuyenda okha kupita ku mzikiti.

A Hafsah adabwera pakhonde ndi mbale ya zitumbuwa. "Amayi a Thoko, ndamva kuti akufuna kukadzitsekera. Manja amenewa mukawatsekere m'nyumba? Mulungu yemweyo si ndiye anamupatsa?"

"Ndi yemweyo."

"Ndiye akuwafuniranji kumeneko?"

"Mukandifunsa ine mukulakwitsa, anzanga."

Madzulo ake a Elube adamubwerezera Thokozire mawuwo, poganiza kuti apa ndiye sayankha. Thokozire adayang'ana pansi. Kenaka adati, "A Hafsah akunena zoona. Chimenecho chimandipweteka tsiku lililonse." A Elube adadikira kuti anene kuti wasintha maganizo. Iye adangodzuka kukatsuka mbale.

Mwezi wa Okutobala, kukutentha, Thokozire adalowa kwa masisitere osatuluka aja. Adamuperekeza a Elube ndi a Gilford, omwe mpaka pa geti ankayang'anabe uku ndi uku ngati kutulukira mwamuna amene ankamuganizira uja. Mwambo udali waufupi. Chitseko chamatabwa chidatseguka, mkati mudaima masisitere awiri a mikanjo yofiirira, Thokozire adagwada kuti mayi ake amudalitse. A Elube adaika dzanja pamutu pake. Chitseko chidatsekedwa ndi kiyi cha mkati.

A Elube adaloledwa kukamuona patatha miyezi itatu. Adanyamula mtedza, sopo ndi zitumbuwa za a Hafsah. Adawalowetsa m'kachipinda kogawidwa pakati ndi zitsulo zopingasa ngati za pawindo. Adakhala pa mpando, atakonzeka kuona mwana wowonda, wa maso olowa. Adatulukira Thokozire atanenepa masaya, akuseka asadakhale n'komwe. Adatulutsa zala m'mipata ya zitsulo, mayi ake adazigwira. Zidali zokhakhala.

"Amakugwiritsa ntchito yanji?"

"Ndimalima kudimba. Lachitatu ndimathandiza kuphika mkate. Palinso sisitere wina wokalamba, wa zaka eyite foro, ndimamusambitsa ndine."

"Ndiye unamwino womwewo."

"Pang'ono. Koma si chimene ndinabwerera."

"Nanga nthawi ina yonseyo?"

"Timapemphera kasanu ndi kawiri pa tsiku. Anthu amaimba foni, ena amaponya timapepala pa geti. Wina mwana wake wasowa, wina akupita ku opaleshoni, wina sanena n'komwe vuto, amangolemba dzina. Timawatchula mmodzimmodzi." Adatulutsa kabuku ndi pensulo m'thumba. "Ndipatseni a kwathu, amama."

A Elube adafuna kunena kuti sadabwerere zimenezo. Adali atakonza mafunso m'njira monse, ena aukali. Koma adangozindikira akutchula a Shafiq, kuti bala lisabwerere. Adatchula mwana wa a Gilford amene akulemba mayeso kachitatu, mayi wa mu mphakati yemwe mwamuna wake adapita ku Joni osatumanso mawu, ndi mtsikana wa pa rendi kuseri kwawo amene adapita padera. Thokozire ankalemba, akufunsa za aliyense. Belu lidalira mkatimo a Elube asadatchule ndi theka lomwe la anthu a mu msewu wawo.

"Ndiyenera kupita, amama."

"Ola silinakwane."

"Lakwana." Adaimirira, koma zala adazisiya m'manja mwa mayi ake. "Mwandikwiyirabe?"

"Sindikudziwa. Ndimadzuka nditakwiya, pofika masana ndimakhala ndikukunyadira, madzulo ndimangokusowa. Ukundifunsa chinthu chimene sindikuchidziwa."

"Mudzabwera ikatha Pasaka?"

"Ndidzabwera. Uzivala juzi, m'nyumba muno mukuzizira."

Kunja kudali kukuwaza mvula. Pa geti adakumana ndi bambo wina wovala yunifomu ya ulonda, akupinda kapepala n'kukaponya m'bokosi lomwe lidali pakhoma. Bamboyo adawapatsa moni n'kufunsa ngati nawonso abwera ndi vuto.

"Ndili ndi mwana mkatimu," adatero a Elube.

Bamboyo adavula chipewa. "Ndinu odala, amayi."

A Elube adatuluka pa geti n'kulunjika ku msewu. Adakwera minibasi ya ku depoti, n'kukwera ya kwa Chinsapo, atakhala pawindo ndi jumbo yopanda kanthu pamiyendo. Ankawerenga mumtima anthu amene adaiwala kuwatchula, ndipo adapeza kuti ndi ambiri. Kondakitala adaitana siteji yawo kawiri, iwo osamva. Adatsikira siteji yachitatu kutsogolo, n'kubwerera wapansi m'matope.