Mapiritsi a Sajida Atha Mayeso Ali Pakhomo

Sajida atapendeketsa kabotolo, m'dzanja mwake munagwa piritsi limodzi lokha. Anakagwedeza, koma munalibenso kanthu. Mayeso otsekera chaka anali pakhomo.

Chinali chaka chake choyamba pa yunivesite ku Irbid, kutali ndi kwawo ku Karak. Kuyambira ali ku sekondale ankamwa mankhwala a vuto lomwe madokotala amalitcha ADHD. Akapanda kumwa, maganizo ankangomuyendayenda, moti ankatha kubwereza mzere umodzi kambirimbiri osatolapo kanthu. Kunyumba zonse ankayendetsa ndi amayi ake. Ndiwo ankakumbukira tsiku lokaonana ndi dokotala, ndiwonso ankagula mankhwalawo. Iye yake inali kumeza basi.

Pobwera kusukulu anamulongedzera okwanira mpaka patchuthi. Koma Lujain, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, anadziwa ntchito ya mapiritsiwo. Lero apemphe limodzi kuti awerenge bwino, mawa apemphere mnzake. Sajida ankaopa kutchedwa womana, ndiye ankangomupatsa.

Anaimbira foni amayi ake n'kungowauza kuti mankhwala atha, za Lujain osatchula. Amayiwo anati dokotala wawo sangalembe ena asanamuone, ndiye bwino afunefune dokotala konko. Asanamalize, bambo ake anawalanda foni.

"Mwana wanga, ku Irbid kuli abale athu ambiri," anatero bambowo. "Wina akakuona ukulowa kwa dokotala wa matenda a maganizo, mawa Karak yense amva kuti mwana wa Abu Qusai wazungulira mutu. Adzakufunsira ndani? Pirira. Uzimwa khofi."

Khofi anangomuthamangitsa mtima. M'kalasi ankaona milomo ya mphunzitsi ikugwedezeka koma mawu osalowa. Ntchito yomwe anayenera kupereka anaiiwala m'basi. Atapita kufamase yapafupi ndi chigono chawo n'kuonetsa chikalata chakale cha dokotala, mayi wogulitsa mankhwala, a Ibtisam, anakana mwaulemu. Anati mankhwala amenewa boma limawayang'anira kwambiri, ndipo chikalata chake sichigwira ntchito kawiri.

Lujain atamupeza akulira, anamuseka pang'ono. "Iwe mwana wa kumudzi, ukulirira zimenezi? Kuseri kwa malo ojambulitsira mapepala kuli bambo wina amagulitsa. Safunsa chikalata, safunsa dzina."

Sajida anapita. Munthuyo sanamuyang'ane n'komwe kumaso. Anangomufumbatitsa kapepala kokulungakulunga, n'kumuuza kuti achokepo msanga. Atafika kuchipinda anatunga madzi m'kapu n'kumasula kapepalako. Mapiritsi ake anali ataliatali, koma awa anali obulungira, achikasu, opanda chilembo chilichonse. Anaika limodzi pamlomo, kenako analichotsa. Anawakulunganso n'kubwerera kufamase kuja.

Anadikira mpaka ogula onse atatuluka. "Azakhali, awa ndi ofanana ndi anga aja?" anafunsa chapansipansi.

A Ibtisam anayang'ana mapiritsiwo, n'kuyang'ana Sajida. "Wamwako?"

"Ayi."

"Mulungu wakusunga. Ngakhale ineyo sindingadziwe zomwe zili m'menemu. Ena amasakanizamo zinthu zoti zikhoza kuimitsa mtima. Ndipo apolisi akakupeza nawo, si nkhani ya sukulunso ayi."

Anamulowetsa m'kachipinda ka mkati n'kumuthirira tiyi. Apa Sajida anaulula zonse, za Lujain ndi za mawu a bambo ake. A Ibtisam anamufotokozera kuti njira yake si yovuta. Dokotala wa ku Karak atumize mbiri ya matenda ake kwa dokotala wa konkuno, yemwe azimuona ndi kumulembera mankhwala nthawi yonse ya sukulu. Kenako a Ibtisam anapempha kuti awaimbire foni bambo a Sajida.

Bambowo, Abu Qusai, anayamba ndi ukali, kufunsa kuti iwo ndi ndani wolowerera za m'banja la eni. A Ibtisam anawasiya mpaka atamaliza.

"Bambo, mwana wanu ali pano ndi mapiritsi ogula mumsewu, chifukwa anaopa kukulakwirani," anatero modekha. "Mukuopa kuti anthu amva zoti amapita kwa dokotala. Nanga akanamva zoti wamangidwa, kapena wapezeka atakomoka m'chipinda? Dokotala amasunga chinsinsi. Wogulitsa mumsewu sasunga moyo wa munthu."

Sajida anafinya kapu ya tiyi ndi manja onse awiri. Kenako anamva mawu a bambo ake akumveka pafoniyo, otsika ndiponso osasa.

"Mpatseni mwana wanga foniyo." Sajida atailandira, bambowo anati, "Sajida, ndinalakwitsa. Amayi ako apita kwa dokotala lero lomwe kukapempha kuti atumize mbiri ya matenda ako."

Mbiri ija itafika, dokotala wa ku Irbid anamuyeza kuthamanga kwa magazi, anamufunsa za tulo ndi kadyedwe, n'kumulembera mankhwala. Anagwirizana kuti azibwera mapiritsi asanathe, ndipo Sajida anaika chikumbutso mufoni mwake. Mapiritsi a mumsewu aja anawasiya kufamase kuti akawonongedwe.

Lujain atapemphanso, Sajida anakana. Anamuuza kuti ngati kuwerenga kukumuvutadi, amuperekeza kwa dokotala. Lujain anakwiya, koma sanapemphenso. Mayeso oyamba Sajida analemba movutika, ena onse anayenda bwino, ndipo anakhoza kupita chaka chachiwiri.

Makolo, mwana wanu womwa mankhwala a nthawi yaitali asanapite kusukulu yakutali, mupezereni dokotala wa kumeneko, ndipo muphunzitseni kudzitengera yekha. Ophunzira, musadikire kuti botolo lithe, musagawire anzanu, ndipo musagule mankhwala opanda chikalata cha dokotala. Kuonana ndi dokotala si chinthu chamanyazi.