Kawailesi ka Mzee Mrisho

Ife amuna a ku msika wa Kariakoo tili ndi matenda athu: sitigula chinthu tisanachinyoze kaye. Ndipo Kibwana ndiye anali wodwalitsitsa pa tonsefe.

Bambo ake, Mzee Mrisho, maso anali atasiya kuona, ndipo mawa lake ankakwera sitima ya pamtunda kubwerera ku Tabora, kumene amakhala okha. Anapempha chinthu chimodzi basi: kawailesi ka m'thumba kolowetsa memori, kuti azimvera nyimbo zawo za taarabu, koma kakhale ka mabatani oti chala chizitha kuwapeza.

Kibwana anazungulira msika mpaka malaya kumata kumsana. Paliponse zinali zagalasi zokhazokha, zotsetserezapo chala. Kenako anakapeza pa kauntala ya Bi Mwajabu, mayi wogulitsa mawailesi: kakuda, mabatani atatu otumphuka ngati nyemba, mtengo wake wosaboola m'thumba.

"Katsala komweko, achimwene," anatero Bi Mwajabu.

Mumtima Kibwana ankavina, koma nkhope anaikwinya ngati wanunkhiza nsomba yoola.

"Kameneka? Kakulira ngati udzudzu. Tsitsaniko, mayi."

"Ndatsitsa kale. Mukakasiya ena akatenga."

"Nonse mumatero."

Mwambo wake timaudziwa tonse. Umabweza katunduyo, kutembenuka, n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka wogulitsa akuitane. Kibwana anatembenuka mwaulemerero wake, makutu atawasiya kumbuyo. Zii. Anaima n'kumasirira masokosi a makanda, munthu wopanda ndi mwana yemwe. Zii. Anawerama kuti amange zingwe za nsapato, n'kupeza wavala patapata. Kubwerera pompo kukanakhala kudzitsitsa, choncho anakhala pa benchi ya wogulitsa khofi, kuti mayi aja alape kaye. Inenso ndikanachita chimodzimodzi, ndisaname.

Atamaliza khofi anabwerera akuimba kamluzu, ngati wangodutsa. Pamalo pa kawailesi paja panali mbee.

"Kapita," anatero Bi Mwajabu osadzutsa n'komwe mutu. "Watenga mayi wina wophika chapati. Sanafunse kawiri."

"Nanga osandiitana bwanji?"

"Ndikuitanireni udzudzu, achimwene?"

Apa ndiye thukuta lenileni linatuluka. Anathamanga sitolo ndi sitolo, ulemerero wonse uja atauiwala, akupempha ngati mwana. Ka mabatani kunalibe. Masitolo akutsekedwa, anagula kawailesi kagalasi kodula, osanenerera ngakhale pang'ono.

M'mawa ku siteshoni anawakhazika bambo ake pa mpando wa pawindo, n'kuwaika kanthuko m'manja. Mzee Mrisho anakasisita ndi chala chachikulu, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali. Anayambiranso kachiwiri, pang'onopang'ono. Kibwana anachita manyazi mpaka kulakalaka nthaka itamumeza.

"N'kosalala bwino," anatero mkuluyo. "Podina pali pati, mwananga?"

"Palibe, bambo. Amangokhudza pagalasipo, pomwe palembedwa."

Mzee Mrisho sanakalipe, ndipo kusakalipako ndi kumene kunamupweteka Kibwana. Sitima inaliza belu, anthu operekeza n'kuyamba kutsika.

"Basi, ndiyatsire usanatsike," anatero akumupatsira kawailesiko. "Usankhe nyimbo yaitali. Ndimvera mpaka pomwe kakazimire."