Bere Lachitatu la Botse

Mokgadi anatsegula firiji kuti atenge chambiko, koma pakati pa batala ndi nyama yotsala dzulo anapeza kabokosi koyera kachilendo. M'katimo munali kabotolo kochepa ngati chala, ka madzi otuwa.

"Musakhudze!" anakuwa mwamuna wake Lesiba ali pakhomo. "Kangofika kumene kuchokera ku Durban."

"Ndi mankhwala a ndani?"

"Si mankhwala. Ndi mbewu ya galu wamphongo. Tikufuna timuike Botse kuti atenge bere."

Mokgadi anabweza dzanja. "Umuna wa galu, bambo a Kgabo? Pambali pa batala amene mwana wanu amapaka pa buledi?"

"N'kotseka bwinobwino. Mukanaona chithunzi cha mphongoyo, simukanalankhula chonchi."

"Ndiye mukanaika chithunzicho m'firijimu."

Botse anali galu wa Mokgadi. Lesiba anamugulira ngati mphatso chaka chimene anasamukira ku Polokwane. Anali wa mtundu uja wa miyendo ifupiifupi ndi mphuno yophwatalala, wochita nkonono ngakhale ali maso. Agalu amenewa amavutika kukwerana okha, ndipo ana awo amakhala ndi mitu ikuluikulu moti amabadwa pochita kung'amba mimba. Botse anali atang'ambidwa kale kawiri. Chipsera chachiwiri chinali chisanamere ubweya, ndipo dokotala wa ziweto anali atachenjeza kuti asadzatengenso bere. Koma anthu a m'tauni ankalimbirana tiana take, ndipo Lesiba anali atalawa kukoma kwa ndalama zake.

Dzuwa lili paliwombo kunafika Solly, mnzake wa Lesiba wokonza galimoto, amene za agaluzi anaziphunzira pafoni. Botse anamuthamangira akugwedeza kachitsa ka mchira.

"Mwaona, alamu?" anaseka Solly. "Mkwatibwi wakondwa."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anayankha Mokgadi.

Amuna awiriwo anakweza Botse pa tebulo la pakhonde, lomwe banjali linkadyerapo Lamulungu, atayalapo thawulo la Mokgadi. Solly anakoka madzi aja ndi jekeseni wopanda singano, n'kusolola kapaipi katali m'thumba la ovolosi. Anakapukuta pantchafu. Zikhadabo zake zinali bii ndi girisi.

"Ngakhale kusamba m'manja, achimwene?"

"Galu amadya za kudzala, alamu. Walira mvula walira matope."

Lesiba anapana mutu wa galu kukhwapa. Solly analowetsa kapaipiko, Botse n'kulira kamawu kakang'ono ngati khanda. Kanatuluka kali ndi magazi. Solly anatukwana, anayesanso mwamphamvu, kenako anafinya jekeseniyo.

"Zalowa. Tsopano miyendo yakumbuyo m'mwamba, kuti zisabwerere."

Lesiba anamuimika chadodolido. Mimba ya Botse inaonekera yonse, chipsera chofiira chitakokeka ngati msoko wa thumba lodzaza. Mokgadi anadzigwira pansi pa mchombo osadziwa. Naye Kgabo anabadwa ndi mpeni, ndipo Mokgadi ankakumbukira mmene ngakhale kutsokomola kunkawawira.

Mpweya wa Botse unayamba kulira ngati mluzu. Lilime linada. Thovu linatuluka, kenako masanzi achikasu anagwera pa mapazi a Mokgadi.

"Mutsitseni! Akubanika!"

"Pang'ono pokha, mayi a Kgabo, zitayika," anatero Lesiba. Maso ake anali pa wotchi, osati pa galu.

Masanzi aja sanamunyanse Mokgadi ngati nkhope ya mwamuna wakeyo. Anakankha Solly, analanda galu m'manja mwa mwamuna wake, anatola makiyi a galimoto. Anayendetsa ali chosavala nsapato, Botse ali kwala pampando wa pambali.

Dokotala, mayi wa imvi wosachulutsa mawu, anaika Botse pa makina opumira ndi kumuziziritsa ndi nsalu zonyowa. Atamuyeza anavula magalasi.

"Amene wachita izi wamuvulaza m'kati. Ndipo ndinakuuzani kale. Akatenga bere ili, sindikulonjeza kuti adzadzuka pa tebulo langa."

"Akangopeza mphamvu, muchotse chiberekero," anatero Mokgadi.

"Bambo akudziwa?"

"Galuyu ndi wanga, adokotala."

Potuluka anapeza Lesiba atafika pa galimoto ya Solly, thukuta lili kamukamu.

"Ali bwanji?"

Mtima wa Mokgadi unafewa pang'ono. "Akupuma."

"Nanga zija? Sizinatayike m'njira?"

Mokgadi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mawa kapena mkuja amuchotsa chiberekero."

"Mwapenga? Anthu ndinawalonjeza kale tiana! Ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti mwini munda waletsa kulima."

Lesiba anatembenuka. Anapita pomwe panali Solly, amene sanatsike n'komwe m'galimoto, ndipo anaweramira pawindo. Ankayesa kunong'ona, koma Mokgadi anamva zonse.

"Kamwana ka Botse kakakazi kaja munatenga chaka chatha, sikanakule? Mwina kakhoza kuyamba."

"Kakadali kanthete," anatero Solly, "koma tikhoza kuyesa."

 Mokgadi analavulira m'maluwa a pakhomo pa chipatalacho. Kenako anatulutsa foni n'kuimbira mkulu wake wa ku Seshego.

"Achemwali, chipinda chija chilipo? Ndikubwera ndi Kgabo. Galu abwera akatuluka."

"Mwayambana ndi alamu?"

"Ayi, sitinayambane," anatero Mokgadi akulowa m'galimoto. "Kungoti lero sindingathe kudya nawo mbale imodzi."