Kuyambira Lachinayi

Mlongo wanga ali ndi kakampani ka anthu atatu, m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya penti. Anapanga kapulogalamu ka pafoni kokumbutsa anthu nthawi yomwa mankhwala ndi tsiku lopita kuchipatala. Kwa miyezi inayi kankayesedwa ndi anthu mazana atatu, ndipo atatsala masiku atatu kuti akatulutse kwa aliyense, m'pamene anakumbukira kuti ali ndi mchemwali loya.

"Achemwali, n'zochepa," anatero pafoni. "Malamulo a kagwiritsidwe ntchito ndi chikalata cha zachinsinsi basi. Ndalemba kale, inu mungoponyapo diso."

Kulemba kwakeko kunali kukopera pa intaneti. Ndime yachinayi inkalonjeza odwala kuti nsapato ikawathina akhoza kuibweza pasanathe masiku makumi atatu. Ndinalibe ngakhale mphamvu yoseka. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikulemba zikalata zimene anthu amangodina "Ndavomera" osawerenga mzere umodzi, ndipo ntchitoyi inanditopetsa kalekale. Koma ndine mwana woyamba, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chimodzi chokha sindinasiyebe ngakhale ndatopa: sindilemba chimene sindinachione ndi maso. Kampani ikafuna ndilembe kuti antchito ake saona zinsinsi za anthu, ndimapita, n'kukhala pampando, n'kunena kuti ndionetseni. Choncho Lachitatu m'mawa ndinakwera masitepe onunkha penti aja, bondo likudandaula.

Amene amamanga kapulogalamuko ndi mayi wa magalasi ochindikala amene anzake amamutchula kuti Achete. Mlongo wanga anandisiya naye n'kutuluka kukayankha foni pakhonde.

"Munthu akalemba mankhwala ake, amapita kuti?" ndinafunsa.

"Munkhokwe yathu."

"Amatsegula nkhokweyo ndani?"

"Aliyense wa ife atatu."

"Tsegulani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anadina pakompyuta yake. Pagalasi panadzaza mndandanda: dzina, nambala ya foni, matenda, mankhwala, tsiku la kuchipatala. Zonse poyera ngati zovala pachingwe. Ndinagwira kambewa ka kompyutayo n'kumatsitsa pang'onopang'ono, ndikuwerenga mitu ya zinthu zimene akusunga, mpaka diso linakodwa pa nambala imene ndimaidziwa pamtima. Inali ya amayi. Pambali pake panalembedwa kuti khansa ya m'mawere, mapiritsi tsiku lililonse, kuonana ndi dokotala Lolemba.

Amayi athu ndinali nawo Lamlungu lapitalo. Anandidzudzula za tsitsi langa, anandipatsa makatani akale, za matenda sananene kanthu. Ankati kuwondako n'chifukwa chosiya shuga.

"Ndinaona mwezi watha," Achete ananong'ona, maso ali pagalasi. "Ndinawauza abwana kuti titseke nkhokweyi. Anati tidzatseka tikatulutsa."

"Mlongo wangayo waona?"

"Satsegula kuno. Koma akuti mawa atsegula, akufuna kuimbira anthu kuwafunsa ngati kakuwathandiza."

Ndinamva chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi, ndipo pamwamba pa zonsezo kutopa kwa munthu amene wapatsidwa katundu wosapempha. Amayi anasankha kubisa. Kaya anali ndi chifukwa chabwino kaya ayi, nkhaniyo inali yawo. Ine ndinali nditaiba kale ndi maso anga. Chotsala chinali choti mwana wawo wamwamuna asaimve kuchokera pa mzere wa pakompyuta.

Mlongo wanga analowa akupukuta thukuta. "Mwaona? Zonse zili bwino?"

"Khala pansi. Sindilemba kanthu mpaka nkhokweyi itatsekedwa. Matenda ndi mankhwala zibisike moti ngakhale iweyo usathe kuwerenga."

"Ineyo? Mwini wake?"

"Makamaka iweyo."

"Achemwali, ntchito imeneyo ndi ya masiku awiri! Lachisanu tikutulutsa. Ingolembani kuti sitiona, tidzakonza sabata yamawa. Amawerenga ndani zimenezi? Inu nomwe mumanena kuti palibe."

"Palibe, n'zoona. Koma bodza ukalilemba limakhala pomwepo kukudikira. Mlandu suola."

"Anthu akewo ndi odziwana nawo okhaokha. Ngakhale amayi ndinawaikira ndekha pafoni kuti aziyesa ndi timankhwala tawo ta mutu. Mwamva akudandaula?" Anatambasula dzanja kufuna kambewa. "Tandipatsani, ndikuonetseni kuti mulibe choopsa."

Ndinaika chikwama changa pamwamba pa kambewako. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Ukatsegula mndandandawu, ndinyamuka, ndipo ukafune loya wina wolemba zabodza."

"Mwakalamba, achemwali. Zinthu zazing'ono mumazikulitsa."

"Ndakalambadi. Tseka."

Anatuluka akumenyetsa chitseko. Achete anali atayamba kale kulemba zotsekera nkhokweyo, osayembekeza kuuzidwa.

Tsiku lonselo ndinakhala pakona, pa tebulo la mwendo umodzi waufupi, ndikulemba. Timasunga chiyani, timasungiranji, kwa nthawi yaitali bwanji, munthu akafuna kuti tifufute achite chiyani. Mawu akale omwe aja, amene dzanja langa limalemba lokha. Koma ndime iliyonse ndinkaona amayi atakhala pabedi, akulemba dzina la matenda awo ndi chala chimodzi m'kafoni ka mwana wawo, chifukwa panalibe wina wowakumbutsa. Lachinayi masana Achete anandiitana n'kutsegula nkhokwe ija. Pamene panali matenda panali zilembo zosokonekera zopanda tanthauzo. Ndipo ndinalemba ndime yomaliza monga zinalili: kuyambira Lachinayi, tsiku lakuti, palibe wantchito wathu amene angawerenge matenda kapena mankhwala anu.

"Nanga detilo mwaliikiranji?" mlongo wanga anafunsa, akadali wokwiya.

"Chifukwa dzulo sizinali zoona."

Anagwedeza mutu n'kusaina osawerenga zotsalazo.

Loweruka ndinapita kwa amayi nditatsimikiza mtima kuti sindifunsa kanthu. Ndinawapeza pabalaza akusita, wailesi ikulankhula yokha. Amayi anagwira ntchito yotaipa makalata mu ofesi zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero amawerenga ngakhale kapepala ka m'bokosi la machesi. Ndikanayenera kukumbukira zimenezo.

"Kanthu ka mlongo wako kandiuza dzulo kuti ndivomere mawu atsopano," anatero, osatukula mutu. "Walemba ndiwe?"

"Ndine, amayi."

"Ndinadziwa. Ziganizo zako zimatalika ngati ulaliki wa pamaliro." Anatembenuza bulauzi. "Walemba kuti kuyambira Lachinayi palibe amene angaone."

"Eya."

"Nanga Lachitatu?"

Ndinayang'ana simbi, ndinayang'ana khoma. Amayi anaimika simbiyo n'kuzimitsa wailesi.

"Iwe sulemba chimene sunachione," anatero. "Ndinakulera ndine."

"Ndinaona, amayi. Pepani. Sindinkafuna."

"Mlongo wako?"

"Sanaone. Sangathenso kuona."

Anakhala pampando pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mmene mphete yawo ikugwederera pachala.

"Uja ali ndi mtima wa bambo ake. Akamva asiya ntchito yonse n'kumadzandilirira pakhomo pano, ine n'kumamutonthoza. Mphamvu zimenezo ndilibe. Ndidzamuuza ndekha ndikakonzeka." Anatembenuza mphete ija. "Ndipo iwe ndinkati uli ndi zokwanira kale."

"Ndili nazodi," ndinatero, misozi ikutsika popanda chilolezo changa.

"Ndiye wonjeza ichi. Benchi ya kuchipatala kuja ndi yolimba, ndipo ndatopa kukhalapo ndekha. Lolemba ubwere seveni koloko."