Uthenga wa pa njinga ya a Zakeyu

Abale anga a kwa Kanduku, tamverani za a Zakeyu amene tawaika m'manda dzana lija.

Esime atathamangitsa mwamuna wake Taziona chifukwa mbuzi za bamboyo zinadya mtedza wonse, a Zakeyu, pokhala ankhoswe, anaopa kuti banja latha. Esime anawatuma: "Amalume, mukachiuze chitsirucho kuti pano chisadzapondenso!"

A Zakeyu anapalasa njinga mpaka ku Thambani, kwawo kwa Taziona. "Taziona, mkazi wako akuti pakhomo pazizira." Paja ankati kusukulu anaphunzira m'Chingelezi kuti mawu a munthu ukamakawanena kwina, amasintha.

"Mukamuuze kuti ndibwera kudzatenga mbuzi zanga basi," anatero Taziona.

Kumudzi a Zakeyu anangouza Esime kuti, "Akuti sakuona tulo, afika mawa."

Mawa lake Esime anamulandira Taziona atamanga chitenje chatsopano. "Ndamva kuti simukugona?"

"Ine? Si iwe ukulira kuzizira?"

Onse anatembenukira kwa a Zakeyu, n'kuwathamangitsa mpaka kudambo, nkhalamba ikukuwa kuti, "Ndi Chingelezi, ana inu!" Pobwerera, ali wefuwefu ndi phwete, analowa m'nyumba imodzi, osasiyananso.

Inu otsala, chonde muziwatchulako a Zakeyu, ngakhale ife titapita.