Zolemba Kunsi kwa Zitini

"Malaya awa atsale, kolala yake inatha kalekale," anatero mwana wamkulu, yemwe anali namwino, uku akuwaponya pabedi. Panali patapita masiku anayi chiikireni mayi, ndipo iye anali atagamula kale mlandu: bambo apita nawo kwake, nyumba ino itsekedwe.

Bambowo anali phee pampando wapakona, manja ali pamaondo, akuonerera zovala zawo zikulowa m'sutikesi.

"Achemwali, eni akewo mwawafunsa?" anatero mlongo wake wamng'ono ataima pakhomo.

"Kuwafunsa chiyani? Iwe mawa ukukwera basi. Ukapita azidya chiyani, makoma?"

Apo ndiye sananame. Bambo awa, telala wa zaka makumi anayi pamakina, ankalowetsa ulusi pasingano osavala magalasi, koma kukhitchini anali mlendo weniweni. Ngakhale tiyi ankachita kuitanitsa. Namwino ankawakonda mpaka kupsa nawo mtima, ndipo ankaopa kudzawapeza tsiku lina ataonda, akuboola lamba kuti buluku lisagwe.

"Mwanangu," anatero bambo motsitsa mawu, "zaka zonsezi ine ndi mayi ako takhala muno. Kwako ndikakhala katundu."

Namwino anaweramira m'sutikesi. Anapinda buluku lina.

Bambo anadzuka n'kulowera kukhitchini. Posakhalitsa kunamveka poto akugunda pasitovu, kenako mpeni ukugogoda pathabwa pang'onopang'ono. Ana awiri aja anayang'anizana, n'kuthamangira komweko.

Anawapeza atamanga epuloni ya mayi, misozi ili chuchuchu chifukwa cha anyezi. Patebulo panali chitini cha supu wa tomato.

"Supu wa m'chitini, bambo?" anafunsa namwino. "Mayi ankati ameneyu ndi madzi otsukira mbale."

"Ankatero akadali ndi mphamvu. Takhalani pansi nonse."

Asanachitsegule, anachitembenuza chitini chija n'kuyang'anitsitsa kunsi kwake, milomo ikuyenda. Anakazinga anyezi mpaka kufiira, n'kuponyamo adyo. Anakhuthuliramo supu, n'kuyeza mkaka m'kapu mosamala ngati akuyeza nsalu ya suti.

Namwino anatola chitini chopanda kanthu chija. Kunsi kwake kunamatidwa pulasitala, yemwe uja iye ankabweretsa kuti azimangira mayi mabala. Papulasitalapo panali zolemba za dzanja la mayi: "Anyezi kaye, afiire. Adyo awiri. Mkaka theka la kapu. Mchere ayi, ulimo kale, musalimbane nane."

"Miyezi iwiri yomalizayi ankakhala pampando uwo, bulangete lili pamiyendo, akundilalatira," anatero bambo akutakasa. "Anati kuphika kwenikweni sindingakuphunzire, nthawi yatha, koma chitini ngakhale telala atha kutsegula. Mapoto awiri ndinawapsereza. Anaseka mpaka kutsokomola."

Namwino anachita manyazi, komanso kansanje kanamugwira. Sabata iliyonse ankabwera muno ndi mankhwala, kuwayeza mayi uku ndi uku, osadziwa kuti akangotuluka pakhomo, m'khitchinimu mumayamba sukulu.

Supuyo sanali ngati wa mayi, tisanamizane. Anyezi wina anali wamkulu ngati batani la jekete. Koma chinali chakudya, chotentha, chonunkhira, ndipo mlongo uja anapukuta mbale ndi buledi n'kuitanitsa wina.

"Chitini chimodzi si moyo, bambo," anatero namwino, koma mawu anali atafewa.

"Tsegula kabati iyo."

Anatsegula. Mashelefu atatu anali odzaza ndi zitini, zondanda bwinobwino. Anayamba kutembenuza chimodzichimodzi. Cha nkhuku: "Kaloti, dzira limodzi, mandimu pomaliza." Cha nyemba: "Tsabola pang'ono. Ndati pang'ono." Cha bowa: "Simuchikonda, ndikudziwa. Idyani." Akamalowera m'kati, zilembo zinkanka zipendama, zina zosamaliza bwino, ndipo namwino ankatha kuona tsiku limene dzanja linayamba kunjenjemera.

Kumbuyo kwenikweni kunali chitini chachikulu kuposa zonse.

"Chimenecho sindinachione," anatero bambo. "Anandilamula kuti ndiziyambira kutsogolo."

Namwino anachitulutsa ndi manja awiri n'kuchitembenuza. Anayamba kuwerenga mokweza, koma mawu anamuthera panjira, ndiye mlongo wake anamalizitsa:

"Ichi simungachimalize nokha. Muitane ana. Wamkuluyo adzabwera atakwiya, musamuyankhe. Mungomupatsa mpeni adule anyezi, mtima wake umatsika akakhala ndi chochita."

Mlongo uja anaphulika kuseka, bambo n'kutsatira, akupukuta maso ndi epuloni. Namwino anafuna kukalipa, koma misozi inamutsogolera. Anapukuta fumbi pachivindikiro ndi chala, n'kubwezera chitinicho kumbuyo komwe mayi anachiika.

"Loweruka ndibwera," anatero. "Musachitsegule ndisanafike."